Mapapo a Mayi ndi Chala cha Amalume

Anthu ena amatchuka ndi nkhope, ena ndi chuma. Mayi anga anatchuka ndi mapapo. Akaimba nthungululu pa ukwati ku Kawale, amakaniko a ku Biwi ankaika masipanala pansi n'kufunsana kuti akukwatiwa ndi mwana wa yani. Ine sindiwonjezera nkhani, sindinabadwe choncho. Tsiku lina anaimba nthungululu pafupi ndi galimoto ya aneba imene inafa kalekale, nkhuku zitaikiramo kale mazira, galimotoyo inalira yokha. Anebawo alipo mpaka lero. Mukawafunsa mukweze mawu, chifukwa makutu awo anathera tsiku lomwelo.

Ntchito ya mayi inali yokazinga mandasi ndi zitumbuwa m'kakhitchini ka malata kuseri kwa nyumba yathu. Kakhitchiniko kanalibe zenera. Mayi ankati zenera limalowetsa zinthu ziwiri zoipa, mphepo yotha nkhuni ndi maso a anthu osagula. Utsi wa mmenemo unali wokhuthala moti ukafuna kulowa unkayamba waukankha ndi phewa. Ndinakolekapo chitenje pa utsiwo, chinakhala. Mayi anapuma mpweya umenewo kuyambira ine ndili kumsana kwawo mpaka nditabereka anga awiri, ndipo fodya sanamulawepo, ngakhale wa m'mphuno.

Chifuwa chinayamba m'zaka zija mafoni a m'manja anali a mabwana okha, ife ena tikuimbira pa kathebulo ka munthu pamsika. Ine, mwana wawo woyamba, ndinali telala pakhonde la sitolo ina, choncho kuonda kwawo ndinakuona msanga: diresi limodzi ndinalibweza mpaka linatsala pang'ono kukwana mwana wanga. Kenako m'makhololo munayamba kuoneka timagazi. Nthawi imeneyo munthu akatsokomola n'kuonda, aneba ankamuyeza okha ndi maso n'kutulutsa zotsatira tsiku lomwelo. Makasitomala anayamba kulambalala beseni la mandasi ngati muli njoka. Mayi anakayezetsa magazi, anapezeka kuti alibe kachilombo, ndipo anafuna kumata pepalalo pa beseni. Bambo ndi amene anawaletsa.

Kuchipatala chaching'ono anawajambula pachifuwa n'kuona mthunzi kumtunda kwa phapo lakumanja. Makhololo sanaonetse kanthu, koma masiku amenewo mthunzi wa pachifuwa unali ndi dzina limodzi lokha, chifuwa chachikulu. Sindiwaimba mlandu achipatalawo, chifukwa pa mzere umene tinkaima, pafupifupi aliyense ankadwaladi chimenecho. Mayi anamwa mapilitsi ofiiritsa mkodzo aja miyezi yambirimbiri. Atatha, anayamba majakisoni, mpaka nesi ankachita kufunafuna pobaya ngati munthu wofuna malo omanga nyumba ku Chinsapo. Mthunzi uja sunasunthe. Unanenepa, mwini wake akuonda.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko dokotala wina wachinyamata anaika chithunzi chakale ndi chatsopano pamodzi pa zenera, anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ichi si chifuwa chachikulu. Analowetsa singano pakati pa nthiti n'kutenga kachidutswa, n'kukatumiza ku Blantyre, chifukwa wodziwa kuyang'ana tizidutswa totere anali kumeneko. Kachidutswako kanakhalitsa. Munthu akanatha kupita ku Blantyre tsiku lomwelo, kupeza ntchito, kukwatira, kusudzulidwa, n'kubwerera kwawo yankho lisanafike. Litafika, linali liwu limodzi: khansa.

Dokotalayo sanatibisire. Anati ambiri odwala khansa ya m'mapapo amafika itafalikira kale, atataya nthawi akumwa mankhwala a matenda ena. Anati makina oiwotcha m'dziko muno mulibe, ofunika kuwotchedwa amadikira kutumizidwa kunja, ndipo mzere wake ndi wautali kuposa moyo wa ambiri oimapo.

"Koma yanuyi, mayi, ndi ya mtundu wina," anatero. "Imakula pang'onopang'ono, ndipo ikuoneka kuti ikadali malo amodzi. Tinganene kuti ndi yaulesi."

"Yaulesi?" anafunsa mayi. "M'thupi mwanga?"

Sanakhumudwe ndi khansayo ngati mmene anakhumudwira ndi ulesi wake. Koma ulesiwo ndi umene unali mwayi wathu. Chotupacho chikanatha kudulidwa pamodzi ndi chigawo cha phapo chimene chinakhalapo, ndipo dokotala wodziwa kutsegula chifuwa anali atabwera kuchokera kunja kudzathandiza kwa masiku ochepa. Akachoka, panalibe wodziwa kuti wina adzabwera liti. Anawagoneka mayi m'wodi, ine n'kukhala gadiyani wawo, ndipo chinatsala n'chakuti wina avomereze opaleshoni.

Nesi wamkulu anati mayi ndi munthu wamkulu, akhoza kudinda okha chala. Malamulo a chipatala amatero. Koma ife ndife a ku Ntcheu, ndipo kwathu mkazi ndi ana ake ali ndi mwini, amene ndi mlongo wake wamwamuna, mwini mbumba. Iye ndi amene amavomera ukwati, amayankha milandu, amasonyeza pokumba manda. Tinayang'ana bambo, bambo anayang'ana denga.

"Ine ndine tambala wobwereka," anatero. "Ndimalira m'mawa, koma khola si langa."

"Dindani nokha, amayi," ndinatero ine. "Chala ndi chanu, phapo ndi lanu."

"Iwe umaganiza ndi makina osokera," anayankha. "Ndikafera pa mpeni achimwene asanavomere, adzati maliro awa tangowamva pamsewu. Bambo akowa adzaimbidwa mlandu wopha mkazi wa eni. Inu ana mudzasowa kwanu. Ine sindikuopa mpeni, ndikuopa kukusiyani opanda mudzi. Kaimbe foni."

Ndinaimbira mphunzitsi wa kumudzi amene anali ndi foni, ndipo mawa lake amalume anafika atakwera pamwamba pa lole ya mbatatesi.

Amalume anali munthu wamfupi, wofatsa, wa chipewa chimodzi moyo wake wonse. Ankalima mbatatesi, koma chimene ankadziwika nacho chinali kuthena ziweto. Ng'ombe, mbuzi, nkhumba, midzi yonse yozungulira inkawaitana, ndipo kampeni kawo ndi kamwala konolera sizinkachoka m'thumba la jekete. Vuto lawo linali limodzi: sankanena kuti inde, sankanena kuti ayi. Ankati, "Tiona." Pa ukwati wawo abusa atawafunsa ngati akumutenga mkaziyu, anati "Tiona," ndipo abusa anangopitiriza chifukwa chakudya chinali chitapsa kale. Azakhali amene anakwatiwa tsikulo akadali moyo, kawafunseni.

Anafika pa bedi la mayi, anavula chipewa, anapereka moni wa kumudzi, wa munthu aliyense ndi mbuzi iliyonse. Dokotala wachinyamata uja anafotokoza zonse mwachifatse. Amalume anamvetsera akugwedeza mutu.

"Mukuti mutsegula m'nthiti?"

"Eya, bambo."

"Ali mtulo?"

"Ali mtulo."

"Tiona," anatero amalume. Anavala chipewa. "Ndikawagulire achemwali nthochi."

Nthochi zinali pageti pomwepo. Dzuwa linapendeka, linalowa, linatulukanso, amalume osabwera.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, ngakhale sitinkachitchula. Mayi anali ndi mng'ono wawo amene anavutika pobereka kumudzi, ine ndili wamng'ono. Atafika naye kuchipatala anati pakufunika opaleshoni, ndipo amalume, akadali mnyamata, anadinda chala. Mng'ono wa mayiyo sanadzuke. Anthu akumudzi sanawaimbe mlandu pabwalo, anachita choposa apo: ankangotsitsa mawu amalume akamadutsa. Kuyambira pamenepo mawu akuti inde anawachoka pakamwa.

Ndinayamba kuwasaka. Munthu wa ku Ntcheu sangasowe pogona mu Lilongwe, ndipo limenelo ndilo linali tsoka langa. Ndinapita ku Biwi kwa msuweni wathu makaniko. "Anali pano, angochoka kumene," anatero, akupukuta manja osandiyang'ana. Pa benchi panali kapu ya tiyi, supuni ikuzungulirabe yokha. Ndikunena zimene ndinaona. Ndinapita ku Chinsapo kwa azakhali ena, ndinapeza mphasa ikudzipinda yokha, munthu atangodzukapo. Ku Area 23 anandilandira bwino kwambiri, anandikhazika pa mpando wabwino, anandifunsa za ana, ndipo pamene ndinkayankha ndinamva chitseko chakuseri chikutsekeka mwaulemu. Abale onse ankawamvera chisoni amalume. Aliyense ankati pepa mwana wathu, matenda n'ngovuta, koma panalibe wofuna kukhala iye wopereka mdalayo.

Kuwodi nesi wamkulu anandiitanira pambali. Anati dokotala mlendo uja watsala ndi masiku awiri okha ochita maopaleshoni, ndipo malo a mayi awasunga mpaka mawa madzulo. Kupitirira apo apatsa wina, pakuti odikira analipo.

Pa bedi loyandikana ndi mayi panagona mayi wina wa ku Mangochi, mkazi wa mmisiri wokhoma zidebe ku Chilinde. Matenda awo anali omwewo, koma iwo anafika mochedwa, itafika kale m'mafupa. Ankawapatsa mankhwala amadzi oletsa ululu amene anali atangoyamba kupezeka masiku amenewo, ndipo akamwa ankatha kukhala tsonga n'kucheza. Iwo ndi mayi ankakangana tsiku lililonse za kaphikidwe ka zitumbuwa. M'mawa mwake, nditabwera chimanjamanja, mayi a ku Mangochiwo anatembenuka n'kuyang'ana mayi anga.

"Anzanga," anatero, "ine mpeni ndikuufuna, koma mpeni sukundifuna. Inu mpeni ukukufunani, mukudikira mwamuna wogula nthochi."

Mayi anatsitsa miyendo pa bedi n'kumanga chitenje.

"Iwe wakhala ukufunsa molakwa," anandiuza. "Ukufunsa anthu kuti mwawaona amalume. Anthu ndi abale awo, anama. Achimwene sangagone m'nyumba ya munthu osalipira ndi manja, ndipo sangaone nkhumba yamphongo n'kuidutsa. Tiye tikafunse kumene nkhumba zikulira."

Nesi wamkulu anatiloleza, n'kutiuza kuti tibwere dzuwa lisanalowe. Tinakwera minibasi ya ku Area 23, kumene ndinawaphonya komaliza. Mayi anatsokomola kamodzi kokha, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya minibasi za mu Lilongwe anthu awiri anakhala pa mpando wa anthu anayi, kondakitala osadandaula. Titatsika, mayi anapita kwa amayi ogulitsa nyama yootcha n'kufunsa ngati kwamveka wothena ziweto.

"Ku Tsabango," anayankha mmodzi osaganizira n'komwe. "Kwabwera mdala wa chipewa, akuthena ulere. Anthu akuchita kupanga mzere."

Tinapempha anyamata awiri a njinga kuti atinyamule. Sitinafunikenso kufunsa njira. Nkhumba zamphongo zonse za kumeneko zinkayenda pang'onopang'ono, mitu ili pansi, ngati anthu ochokera ku khoti. Galu mmodzi anationa tikubwera, anaganiza kuti ndife a gulu lomwelo, anakhala pansi n'kukana kudzuka. Tinangotsata kulira.

Tinawapeza kuseri kwa nyumba ina, pakhola, atavula jekete, atagwada pa kankhumba kamene mwini nyumba anakagwira miyendo. Mkazi wa mwini nyumbayo anaima pambali ndi mbale ya phulusa. Amalume anamaliza ntchito yawo bwinobwino, anathira phulusa pabala, anakweza maso, n'kuona mlongo wawo ataima ndi chitenje cha m'chipatala.

Ine ndinkadziwa chimene chikubwera, ndipo ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti chisandigwere. Mayi akakalipa ankayamba m'mawa, n'kupuma masana, n'kumaliza mawa lake. Anatsegula pakamwa.

"Achimwene, inu munthu wamkulu, mwini mbumba, kuthawa..."

Mpweya unawathera pomwepo. Anagwira mtengo wa khola, mapewa akukwera n'kutsika, m'chifuwa mukulira ngati khomo la dzimbiri. Mkazi uja anataya phulusa n'kuwabweretsera ndowa yovundikira kuti akhalepo. Pakholapo panangoti zii. Ngakhale kankhumba kaja kanasiya kulira. Amalume anakula akumva mawu a mlongo wawo kuchokera kutsidya la dambo, ndipo tsopano anali kuwaona akulephera kumaliza chiganizo chimodzi. Nkhope yawo inasintha.

"Achemwali," anatero motsitsa, "ndinapereka mmodzi. Musandipemphe wachiwiri."

Mayi anadikira mpweya, n'kuyankhula pang'onopang'ono, akudula mawu ngati munthu wogawa nyama yochepa.

"Uja ndinali naye m'nyumba. Inu munali panja. Anavutika kuyambira Lachisanu, ife tikuti tione, tione. Pofika kuchipatala anali atatha kale. Sunamuphe mpeni, achimwene. Anaphedwa ndi tiona."

Amalume anayang'ana kampeni kamene kanali m'dzanja lawo.

"Mayi awa ndi bambo awa sindikuwadziwa," anapitiriza mayi, akuloza eni nyumba, "koma akhale mboni. Mpeni ndaupempha ndine. Ndikapanda kudzuka, wotsitsa mawu mukamadutsa adzayankhe kwa ine. Koma mukakhala pano mpaka dzuwa kulowa, mwadinda kale chala, achimwene. Mwadinda cha maliro."

Mwini nyumba anamasula kankhumba kaja. "Bambo," anatero, "zotsalazo tidzathena chaka chamawa. Pitani."

Amalume anatsuka kampeni, anakapukuta pa buluku, anavala jekete ndi chipewa. Sananene kuti inde. Anati, "Ndikaone kaye dzanja lake."

Dokotala mlendoyo tinamupeza madzulo akutuluka ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Anali mzimayi wamfupi wa imvi, wochokera dziko lina la mu Africa momwe muno, ndipo Chichewa sankachidziwa, choncho dokotala wachinyamata uja ndi amene ankamasulira. Amalume atamva kuti mmisiri wake ndi ameneyu sanadabwe kuti ndi mzimayi. Anati kwawo wodziwa kutumbula nkhuku osaphulitsa ndulu amakhala mzimayi nthawi zonse. Anapempha kuti atambasule manja. Dokotalayo anayang'ana womasulira, womasulira anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Kenako anatambasula.

Amalume anawazungulira manjawo ngati munthu wogula ng'ombe. Anawerama n'kuwayang'ana chammbali kuti aone ngati akunjenjemera. Anaona zikhadabo. Anafunsa ngati amamwa mowa, anayankhidwa kuti ayi. Anafunsa ngati mpeni wake amanola yekha, anayankhidwa kuti uliwonse umagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo apa amalume anapukusa mutu ndi chisoni chenicheni. Kenako anafunsa funso limene anabwera nalo.

"Mufunseni. Alipo amene anamufera m'manja?"

Dokotala wachinyamatayo anazengereza, koma anamasulira. Mzimayiyo sanaseke, sanakwiye. Anawayang'ana amalume m'maso n'kuyankha motalikirapo.

"Akuti alipo," anatero womasulira. "Akuti amawakumbukira onse. Akuti sangalonjeze kuti mayiwa adzuka, koma akuona kuti mwayi wawo ndi wabwino, ndipo akasiyidwa chonchi chotupacho chidzatseka njira ya mpweya."

Amalume anapuma mpweya wautali, womwe ndikukhulupirira anausunga kuyambira ine ndili mwana.

"Ameneyu ndi mmisiri," anatero. "Wothena amene amati sinandiferepo, usamupatse ng'ombe yako. Bweretsani inki."

Anadinda chala mwamphamvu moti chinaoneka papepala, pathebulo, ndi pansi pa simenti. Thebulolo ndikumva kuti likadalipo. Mayi anadinda chawo pambali pake, bambo anasaina ndi cholembera kuti asaoneke ngati angobwera kudzaonerera.

M'mawa mwake anawatenga pa machira a matayala. Mayi a ku Mangochi aja anawagwira dzanja podutsa n'kuwauza kuti akadzuka adzavomereze kuti zitumbuwa zimafuna nthochi zakupsa kwambiri. Mayi anati akafa afa, koma zimenezo sangavomere. Tinakhala pa benchi panja pa fiyeta, bambo mbali iyi, amalume mbali iyo, ine pakati ngati mpanda. Amalume ankazunguza chipewa m'manja mpaka mlomo wake unatha. Dzuwa litadutsa pamutu, anatembenukira kwa bambo.

"Alamu, mukanadinda inu ndikanakuimbani mlandu."

"Ndikudziwa, alamu."

"Ndikanalakwa."

"Ndikudziwanso, alamu."

Patapita nthawi, chitseko chinatseguka. Dokotala mlendo uja anatuluka atatsitsa kansalu kakumaso, anafunafuna ndi maso, n'kupita molunjika kwa amalume. Anawatambasulira manja ake awiri, osanena kanthu. Amalume anawayang'ana chammbali monga dzulo lake, n'kuwagwira ndi manja awo onse awiri. Womasulira sanafunike.

Anachotsa chigawo chakumtunda cha phapo lakumanja, chotupa chili momwemo. Amalume anapempha kuti awapatse akachikwirire kumudzi, poti ndi mbali ya mbumba yawo, koma anauzidwa kuti nachonso chikupita ku Blantyre kukayezedwa ngati m'mphepete mwake mwatsala choipa. Mayi atadzuka n'kumva zimenezi, mawu awo oyamba anali akuti tsiku la kuuka kwa akufa adzafunika thiransipoti yodzera ku Blantyre, ndipo bambo ayambiretu kusunga.

Masiku otsatira sanali a nthabwala, ngakhale ine ndimayesetsa. M'nthiti mwawo munatuluka paipi yopita m'botolo la madzi pansi pa bedi, ndipo akatsokomola botololo linkabwata. Ululu unali woti mayi, amene anabereka ana asanu osalira, ankaluma chitenje. Anesi ankawakakamiza kukhala tsonga, kuyenda, ndi kufufuma magolovesi a labala kuti phapo lotsalalo litambasuke. Golovesi loyamba linangogwedeza chala chimodzi. Mayi analiyang'ana ngati mwana wamwano. Pofika tsiku lotuluka, wodi yonse inali ndi manja oyera ofufuma pa bedi lililonse, ndipo limodzi linaphulika mpaka mlonda wa pageti anathawa. Mlondayo anabwerera, koma mnzake amene anali naye sanaonekenso.

Mayi a ku Mangochi sanaone golovesi lophulikalo. Anamwalira paipi ya mayi isanachotsedwe, mwakachetechete, opanda ululu, amuna awo atawagwira phazi. Abale awo anawatenga tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Mayi anayang'ana bedi lopanda munthulo tsiku lonse. Kuyambira pamenepo zitumbuwa zathu zimaphikidwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, ndipo palibe amene analoledwa kufunsa chifukwa.

Yankho la ku Blantyre linabwera patapita nthawi yake yachizolowezi, munthu atakwatira n'kusudzulidwa kachiwiri. Linati m'mphepete monse ndi moyera. Tinkapitabe kukajambulitsa nthawi ndi nthawi, ndipo dokotala wachinyamata uja ankaika chithunzi pa zenera, n'kuchiyang'ana, n'kungotibwezera akumwetulira. Kakhitchini kaja bambo anakagwetsa okha ndi hamala, ntchito yoyamba imene tambala wobwereka anaichita osapempha chilolezo. Malata atagwa, utsi unatsala uli chiimire, wamakona anayi, mpaka mvula yoyamba. Mayi anayamba kukazingira panja, pansi pa mtengo wa mango, ndipo aliyense wotsokomola nthawi yaitali amene anabwera kudzagula ankalandira mandasi ndi ulaliki: mankhwala akatha chifuwa osatha, bwererani mukawauze ajambulenso, musakhale pakhomo n'kumati tiona.

Chimodzi chokha sichinabwerere. Maukwati anadutsa angapo, mayi akungoomba m'manja. Anthu a ku Biwi anayamba kuganiza kuti ku Kawale anasiya kukwatirana. Ine ndinawafunsa tsiku lina, anati akuopa kuti zosoka zingamasuke, koma ndinaona kuti chimene ankaopa n'kutsegula pakamwa pa anthu n'kutuluka mawu a mwana wa mphaka.

Chaka chotsatira mng'ono wanga wamkazi anapeza mwamuna, ndipo tinachita chinkhoswe pabwalo la nyumba yathu. Amalume anabwera pa lole ya mbatatesi monga kale, atavala chipewa chatsopano chimene mayi anawagulira. Inafika nthawi imene akuchimuna amafunsa mwini mbumba ngati akuvomera kupereka mwana wawo. Ife odziwa tinayamba kuyang'ana pansi, tikukonzekera kufotokozera alendo kuti tiona wa amalume amatanthauza zabwino. Amalume anaimirira, anavula chipewa, anayang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Inde," anatero.

Bwalo lonse la kwathu linakhala kukamwa yasa. Azakhali, amene anadikira liwu limeneli kuyambira tsiku la ukwati wawo, anafunsa woyandikana naye kuti wayankhulayo ndani. Ndipo m'kachetechete ameneyo, kumbuyo kwanga, ndinamva munthu akukoka mpweya. Anaukoka nthawi yaitali moti masamba a mango anaweramira kwa iye.

Sindinama, sinali nthungululu yakale ija. Inali yaifupi, ndipo pakati inaduka kuti mwini wake apume. Koma itayambanso inakwera, inadutsa mpanda, inadutsa msika, ndipo msuweni wathu makaniko, amene anachedwa ku ntchito tsikulo, amalumbira kuti ku Biwi inafika, kungoti inafika itatopa, ikuyenda wapansi. Amayi onse analandira, bwalo linagwedezeka, mng'ono wanga analira mpaka zopakapaka zinatsikira m'khosi. Bambo anatulutsa kampango n'kunena kuti ndi utsi, pamalo pamene panalibenso utsi.

Mayi atamaliza anakhala pansi, dzanja lili pa nthiti, akupuma mofulumira, maso akuwala. Amalume anadutsa pakati pa anthu n'kudzaima patsogolo pawo. Anawerama, anatchera khutu pafupi ndi phewa lawo ngati mmene amamvetserera ng'ombe ikadzuka pa mpeni. Anamvetsera mpweya ukulowa, ukutuluka, ukulowanso. Kenako anaweramuka n'kuvala chipewa.

"Mmisiri uja ndi wabwino," anatero, "koma analakwitsa pamodzi. Anachotsa mbali yofatsa, n'kusiya yaphokoso."

"Achimwene," anatero mayi, "nthochi zanga zija zili kuti?"

Amalume anapisa dzanja m'thumba la jekete, mmene mumakhala kampeni, n'kutulutsa nthochi ziwiri zakupsa. Mayi anasenda imodzi, ina anawabwezera, ndipo anadya onse awiri atakhala pa mphasa imodzi, alendo akuchimuna akudabwa kuti mwambo umenewu ndi wa ku Ntcheu kuti.